Nsapato Yanga Yakumanzere

Okondedwa achemwali,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja wakulekani, kapena mukuyendabe mutagwira m'chiuno? Nanga alamu anu, akazi anga, adzuka bwanji, chakudya akumeza? Ana ndi adzukulu onse ali bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Diso lomwe anandichita opaleshoni lija likuona bwino, moti ulusi ndikulowetsa ndekha pa singano. Linzakeli akuti lidikire kaye.

Cholembera chili m'manja mwa atelala, anzanga a pakhonde la sitolo pomwe ndimakhala ndi bokosi langa la nsapato. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawasite ngati malaya a ukwati. Tikamaliza andiwerengera, ndipo ndikamva mawu omwe si anga, pepalalo ling'ambidwa. Akuti pa makasitomala awo onse sanaonepo wovuta ngati ine.

Uthenga wanu unandipeza. Ndamva kuti alamu anu chigwereni kubafa kuja, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikumvera, ndiponso kuti akamayesa kuyankhula, mawu omveka ndi oitana ine. Ndikubwera. Pamenepo palibe zokambirana. Mkazi amene ndakalamba naye sangamatembenuzidwe pa bedi ndi inu nokha, ndi msana wanuwo, ine ndili kuno kumata zidendene za anthu osawadziwa. Mwanena kuti mwana wanu woyamba, adalaivala, adzanditenga kumapeto kwa mwezi. Ndathokoza. Koma pali nkhani ya mdzukulu wanu wa kuno, ndipo pempho langa lili kumapeto kwake. Muleze mtima mpaka mufikeko.

Mwana wanga wachitatu, amene ndikukhala kwake, akugwirabe ntchito kochapira zovala za m'mahotela. Khungu la m'manja mwake lasupuka ndi sopo. Sabata ina amalowa m'mawa, sabata ina masana. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, pamwamba, ndipo khoma lake ndi lopyapyala moti mnansi akatsokomola umamuuza pepani. Mkamwini wanga ali kutali komwe akumanga misewu. Amaimba foni, amatumiza thandizo, si munthu woipa.

Mwana wawo munamuona ali kumbuyo kwa amake. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wataya mano akutsogolo. Kuno timamutchula Alonda, chifukwa malo ake ndi pakhomo. Akadzuka m'mawa, asanasukusule n'komwe, amathamangira pamene timavulira nsapato kukaona kuti zasowa ndi za ndani. Poyamba ndinkaseka, ndinkati bwana amene adzamulembe ntchito ameneyu sadzaberedwa. Pano kuseka ndinaleka.

Ulonda umenewu unayamba bambo ake atachoka chaka chatha. Ananyamuka mwanayo ali mtulo, kuti asalire. Atadzuka n'kufunsa, amake anamuuza kuti abambo apita kogula buledi. Anakhala pakhomo tsiku lonse, kapu yake ya tiyi ili pambali, kudikira bulediyo. Palibe amene anaganiza zoipa. Mukudziwa inunso kuti umu ndi momwe tonse timachitira: mwana umamuzemba, amalira pang'ono, kenaka waiwala. Ana anga asanu anazembedwa onse, ndipo onse lero ndi anthu. Koma uyu saiwala.

Amakenso popita ku ntchito amachita chimodzimodzi. Amamutuma kukapempha mchere kwa mnansi, iwo n'kunyamula nsapato m'manja, kutsika masitepe chonyang'ama. Mwana akabwera ndi mcherewo, amapeza nsapato palibe. Mchere wadzaza chitini m'nyumba muno, achemwali, ndipo mnansiyo wayamba kutiyang'ana cham'mbali.

Chimene chimatsatira sindinachionepo pa mwana aliyense. Sichiyamba ndi chinthu chachikulu. Chingwe cha nsapato chikakana kumangika, kapena tiyi akathiridwa m'kapu ina yosakhala yake, kapena chilembo chikapindika m'kope, mumangoona mapewa akwera, zala zauma. Kenaka kukuwa. Amadziluma pamkono mpaka mano kudinda, amagunditsa mutu kukhoma, chilichonse chili pafupi chimauluka. Simungamugwire, amaterera ngati sopo. Zikatha amakhala pansi n'kumanjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kumafunsa aliyense ngati wakwiya naye, ndiponso ngati achoka chifukwa cha zimene wachitazo.

Alangizi ndiye sasowa. Bambo a m'nyumba yapansi amagogoda denga lawo ndi tsache, ndipo anandiuza pa masitepe kuti mwana ameneyu akusowa kamtengo basi. Mayi ogulitsa makala pakona akuti tinamulera ngati dzira. Amake anamumenyapo kamodzi, koma amene analira kwambiri tsiku limenelo ndi amakewo. Ine ndinayesa diso langa lija mukulidziwa, limene linkakhazika pansi anyamata anga atatu popanda mawu. Mwanayu akafika pamenepo saona diso la munthu. Ndinayesa kukalipa, zinali ngati ndathira palafini pamoto. Ndinayesa kumulonjeza masiwiti, anandiponyera supuni. Ine amene anthu ankabwera kudzandifunsa nzeru za kulera ana, ndinaima pakati pa chipinda manja ali lende.

Mwezi watha anatiitana kusukulu. Amake anali ku ntchito, ndiye ndinapita ine, nditavala jekete. Aphunzitsi ake ndi mtsikana, wamng'ono kuposa chitsiriza wanga. Anati mwanayo nzeru ali nazo, koma tsiku lonse amangofunsa kuti belu lilira liti ndipo adzamutenga ndani. Anandionetsa kope limene anafufuta chilembo chimodzi mpaka pepala kubooka, kenaka analing'amba lonse n'kugwetsa mpando. Akuluakulu a sukulu akuti zikachitikanso ayambe wakhala kunyumba.

Ndinayamba kupepesa chifukwa cha mwano wa mwana. Aphunzitsiwo anandidula mwaulemu, anati si mwano, ndi mantha. Anati mkuntho ukayamba tisachulutse mawu, tingokhala naye pafupi n'kuchotsa zimene angadzipweteke nazo, ndipo ukatha timuuze dzina la chimene chinamugwiracho, kaya ndi mkwiyo kaya ndi mantha, kuti adziwe kuti n'chinthu chodziwika, chimagwiranso ena. Anawonjezera kuti aliyense wochoka pakhomo azimutsanzika. Kunena zoona, kuphunzitsidwa kulera ndi mwana wa dzulodzuloli kunandiwawa. Ndinathokoza ndi pakamwa pokha. Koma mawuwo ndinabwera nawo.

Ndikanawamvera msanga. Patapita masiku ochepa linafika tsiku lokaonetsa diso kuchipatala, ndipo kunalibe sukulu. Amake anati tisadzipezere mavuto, ndizembe. Anamutuma mchere, ine ndinavala nsapato zanga zakuda za ulendo zija n'kutsika. Nditabwerako madzulo ndinapeza misomali ndi zidutswa za chikopa za m'bokosi langa zili mbwee pa masitepe onse. Mwanayo anali pakhomo, mawu atasasa, mkono uli zidindo zokhazokha. Sanandithamangire. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mapazi anga.

M'mawa mwake nsapato yakumanzere inali itasowa. Ndikudziwa kumene ili. Anailowetsa m'nsalu ya mtsamiro wake, ndipo amagona mutu uli pa chidendene. Ndinaisiya momwemo. Kuyambira tsiku limenelo ndikuyenda ndi patapata, ndipo atelala akuuza aliyense wodutsa kuti abwere adzaone mmisiri wa nsapato wopanda nsapato. Akulemba zimenezi akuseka. Alembe, ndi zoona.

Akaweruka kusukulu amakhala nane pakhonde mpaka amake abwere. Tsiku lina ndinamupatsa ntchito yopaka ulusi phula. Mukukumbukira momwe ndimachitira: ulusi umaupanikiza pa phula ndi chala chachikulu, n'kuukoka pang'onopang'ono mpaka mkono utambasuke. Ukakoka mwaphuma umakucheka chala. Ndinaona kuti akamakoka, mpweya wakenso umatsatira ulusiwo, mapewa n'kutsika. Ndiye tsiku lina chingwe cha nsapato chitamukana, zala zitayamba kuuma, ndinakhala pansi pambali pake, n'kumuuza motsitsa mawu kuti mtima wakwera, tiyeni tikoke ulusi. Anakoka, akulira. Anakokanso. Mkuntho unadutsa pambali osagwetsa kanthu. Pambuyo pake anandiuza yekha kuti m'mimba mwake munali ngati mwalowa njuchi.

Ndinanyada, achemwali. Ndinauza atelala kuti mankhwala ndawapeza, ndipo aphunzitsi aja abwere adzaphunzire pakhonde pano. M'mawa mwake pensulo inathyoka nsonga, ndinatulutsa ulusi ndi phula monga dzulo lake, iye analanda phulalo n'kuliponya pamsewu, minibasi n'kuliponda. Anakuwa mpaka mwini sitolo anatuluka. Ndiye musandifunse ngati zimathandiza. Tsiku lina zimathandiza, tsiku lina ayi, ndipo sindidziwa chimene chimasiyanitsa masikuwo. Nsapato ikang'ambika ndimaona pamene yang'ambikira. Apa ndikusoka mumdima.

Za kutsanzika ndinakambirana ndi amake, ndipo anavomera kuyesa. Anagwada, anamuuza kuti akupita ku ntchito ndipo abwera dzuwa likamalowa. Mwanayo anawakakamira mwendo kuchokera pamwamba mpaka pansi pa masitepe, akukuwa, zitseko zonse zitatseguka, anthu akuonerera. Ndinachita kumumatula chala chimodzichimodzi. Amake anafika ku ntchito mochedwa, kapitawo wawo n'kuwachenjeza pamaso pa anzawo. Madzulo anandiuza kuti ine nthawi ndili nayo, koma iwo ali ndi kapitawo. Anabwerera ku mchere.

Komabe pali chimene ndinaona tsiku limenelo. Atalira n'kutopa, anadya chakudya chake chonse, ndipo anasewera ndi mwana wa mnansi osapita kukakhala pakhomo. Ndi tsiku limodzi lokha, munthu sungamangepo nyumba. Koma ine kuyambira pamenepo ndimamutsanzika ngakhale popita kogula guluu kuseri kwa sitolo. Ndimamuuza kumene ndikupita, ndimamusiyira chipewa changa kuti andisungire. Amachigwira ndi manja awiri mpaka ndibwere. Masiku ena amalira, masiku ena amangondiuza kuti ndifulumire.

Tsopano uthenga wanu utafika, amake anakonza kale zonse m'mutu mwawo. Akuti adalaivala adzabwere m'mawa tsiku la sukulu, ine ndidzanyamuke mwana ali m'kalasi, ndipo akadzaweruka adzamuuza kuti agogo agonekedwa kuchipatala chifukwa cha diso, abwera. Ndinakana. Tinakangana monong'ona kukhitchini, mwanayo ali kubafa. Ndinati bodza limeneli ndi buledi wachiwiri. Mwana wanga, amene sanandiyankhepo mokweza chibadwire, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Inu bambo mudzakwera galimoto. Wotsala ndi kulirako ndine."

Sananame. Ndi iye amene adzadzuke naye m'mawa mwake, ndi iye amene adzaitanidwe kusukulu, ndi iye amene ntchito ingamuthere. Musamuweruze. Watopa mwana uja, amagona atakhala pampando chakudya chili m'manja. Nkhaniyo tinaisiya m'malere.

Dzulo ndiye zinandipeza pakhonde. Ndinali kumata soli ya nsapato ya mwana wasukulu, Alonda ali pambali panga ndi ulusi wawo. Kaya anamva kukhitchini kuja, kaya anangoona kuti amake achapa jekete langa, sindikudziwa. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Agogo, inunso mudzapita kogula buledi?"

Makina a atelala anaima. Ine guluu anandiumira pa chala. Ndinamuyankha kuti, "Ayi. Ine tsiku lopita ndidzakuuza, ndipo udzandiona ndikupita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapitiriza kukoka ulusi. Sanafunse kuti ndi liti, ndipo ine mtima unandichepera kuti ndimuuze pomwepo. Madzulo ndinafotokozera amake kuti ndalonjeza. Anangopitiriza kutsuka mbale imodzi yomweyo. Pambuyo pake anati ngati ndi choncho likhale Loweruka, tsiku limene iwo sapita ku ntchito, kuti Lamulungu adzakhale naye tsiku lonse.

Kalatayi isanakufikeni ndikhala nditamuuza mwanayo. Ndidzamuuza kuti agogo ake aakazi adwala, sangathe kudzuka okha, ndipo akundiitana monga momwe iye amaitanira amake. Akadzafunsa kuti ndidzabwera liti, ndidzati sindikudziwa, chifukwa sindikudziwadi. Ndikuopa, achemwali. Ine amene ndinakutulutsani m'nyumba ikupsa tili ana, ndikuopa kamwana kopanda mano akutsogolo. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pempho langa ndi ili. Muwauze adalaivala asadzabwere m'mawa tsiku la sukulu monga amake a mwanayu anawauzira pa foni poyamba. Adzabwere Loweruka lomaliza la mwezi, masana. Asadzaimbe hutala pamsewu. Adzaimike galimoto poonekera, adzakwere masitepe, adzakhale pansi amwe tiyi, mwanayo awaone nkhope, adziwe amene akutenga agogo ake. Ndikumudziwa mwana wanu, pakamwa pake sipauma nthabwala. Tsiku limenelo adzazisiye m'galimoto. Asadzamuuze kuti tikungopita apa tibwera, asadzamulonjeze kuti adzamutenga sabata yamawa, asadzamuopseze ndi apolisi kapena jakisoni akayamba kukuwa. Ndipo adzakuwa. Mwina adzadziluma, mwina adzagona pa masitepe, anthu adzatsegula zitseko. Adalaivala adzangokhala chete, adzayang'ane foni yawo ngati akufuna, mpaka ine nditanena kuti tiyeni. Zikhoza kutenga nthawi, tikhoza kuyenda ndi mdima. Akadandaula, muwakumbutse amene ankawasokera nsapato za sukulu zimene ankazing'amba ndi mpira sabata iliyonse.

Sindikukuuzani kuti zimenezi zimuchiritsa. Mwina ndikungomupatsa tsiku loipa limene akanalipewa, n'kusiyira amake moto. Mwina Lolemba adzagwetsanso mpando, sukulu n'kumubweza. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo njira yopanda misozi sindikuiona. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana ameneyu akudikirabe buledi wa chaka chatha, ndipo sindikufuna kuti adzadikirenso ine pakhomo lomwelo. Ndikanakhala nsapato, imodzi ikanatsala kuno, inzake n'kubwera kumeneko. Koma munthu sagawika.

Ndimusiyira chipewa, phula latsopano ndi ulusi wambiri. Atelala avomera kuti akaweruka azikhala nawo pakhonde mpaka amake abwere. Ndawaphunzitsa mawu oti anene mapewa akayamba kukwera, ndawauzanso kuti pochoka pakhonde, ngakhale popita kuseri, azimutsanzika. Akuti ana awo anawalera popanda zonsezi. Ndawauza kuti inenso ndinkatero.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, amuna anu, muwauze kuti nsapato zawo za kutchalitchi asapereke kwa wina, ndikubwera. Moni kwa mng'ono wathu ndi akazi ake, kwa ana anu onse ndi adzukulu, kwa mwana wanga woyamba ndi banja lake, ndiponso kwa anansi amene akukuthandizani kutunga madzi ndi kuchapa za wodwala. Mwana wanu wa kuno, amake a Alonda, akupereka moni, akuti mumupempherere. Kwa alamu anu musawerenge kalata yonseyi, ingawalemere. Mungowagwira dzanja lomwe likumvalo, muwauze kuti bambo a ana awo ali m'njira.

Za nsapato ija, sindidzaitenga mwanayo ali kusukulu. Tsiku lonyamuka ndidzavala yakumanja, ndidzakhala pa bedi lake, n'kumupempha inzake. Akadzandipatsa, ndidzadziwa kuti wandilola kupita. Akadzakana, sindidzamulanda. Choncho mukadzaona galimoto yaima, mlongo wanu akutsika phazi limodzi lili mu nsapato yopolisha, linalo mu patapata, musadzafunse. Mudzangonditengera kwa alamu anu momwemo. Mwina kukamwa kwawo kudzawalola kuseka.

Atelala andiwerengera yonse, ndipo mawu ndi anga. Mzere wapansiwu ndalemba ndi dzanja langa.

Ine mlongo wanu,
Mmisiri wa nsapato